Nangula Amene Anaponyedwa Pamaliro

Ine ndine Godwin, ndimakonza mainjini a maboti ku Senga Bay, ndipo ntchito yanga inandiphunzitsa kusakhulupirira chinthu chimene sindinachigwire ndi manja. Injini ikazima pamakhala chifukwa, ndipo ukafufuza bwino umachipeza. Choncho ndikamati nkhani iyi inachitikadi, musandiyese munthu wokonda kuopseza anzake. M'botimo usiku umenewo sindinalimo, koma ndinaimva kwa anthu awiri amene analimo, aliyense payekha. Woyamba ndi che Abdulkarim, amene ayendetsa maboti panyanjayi zaka zoposa makumi atatu, Msilamu wosalawa mowa, wosadumphitsa mapemphero a swala. Wachiwiri ndi mayi Gladys, akazi a mwini boti, amene mpaka lero safuna n'kumva komwe dzina la che Abdulkarim. Anthu awiriwa sagwirizana pa kanthu kalikonse, koma pa zimene zinachitika pamadzi paja mawu awo ndi amodzi.

Munali mu Julaye chaka cha 2022, mwezi wa mphepo ya mwera. A Edwin, wabizinesi ya malole wa ku Lilongwe, anagula boti loyendera alendo kwa mzungu wina amene ankachoka ku Cape Maclear. Linali loyera, lokhala ndi chipinda chogona, kakhitchini ndi makina okokera nangula. Analemba che Abdulkarim kuti alibweretse ku Senga Bay, iwo ndi akazi awo akwera momwemo. Cha m'ma 2 koloko masana anaima ku Chipoka kuti athire dizilo. Che Abdulkarim anayang'ana kummwera, anaona nyanja ikuda, ndipo anapempha kuti agone padokopo anyamuke m'mamawa. A Edwin anakana. Anali ataitana anzawo a ku Lilongwe kuti adzaone botilo mawa lake, ndipo anati sanalembe munthu ntchito kuti aziwauza nthawi yoyendera.

Anayenda ngati ola limodzi ndi theka injini n'kuyamba kutsokomola. Inazima, inalira, inazimanso, ulendo uno osadzukanso. Anali atafika moyang'anizana ndi gombe lina lokhota ngati uta, lotseguka mbali yomwe mwera umachokera, lopanda chisumbu kapena thanthwe lotchinga. Dzina lake sinditchula, chifukwa anthu a kumeneko akali ndi chisoni chawo. Ndi malo amene woyendetsa boti aliyense amadziwa kuti sugonapo mu Julaye.

Chimene che Abdulkarim anayamba kudabwa nacho n'chakuti pagombe lonselo panalibe bwato ngakhale limodzi pamadzi. Maboti onse anali atakokeredwa pamchenga, makoka atapindidwa, mathandala oyanikira usipa ali mbee. Anthu analipo ambiri, koma atangokhala pansi, onse akuyang'ana kunyanja.

Kenaka bwato limodzi linakankhidwira m'madzi, muli amuna awiri. Wakutsogolo, wamtali, wovala kofia yoyera, anapereka salamu n'kudzitchula kuti ndi Yusufu. Anafotokoza mosakweza mawu kuti masiku anayi apitawo boti la asodzi linagubuduzika pomwepo. Asanu anasambira, koma mng'ono wake Anwar sanatuluke. Mudzi unagwirizana kuti pamadzi amenewo pasaponyedwe ukonde, mbedza kapena chitsulo chilichonse mpaka mtembo utaoneka. Analoza mayi wina amene anakhala yekha kufupi ndi madzi atafunda chitenje kumutu, nati ameneyo ndi Rukiya, mkazi wa malemuyo, ndipo kuyambira tsiku lija sanachoke pamenepo. Anati iwo ndi okonzeka kulikoka botilo ndi zingwe mpaka pamchenga, alendowo akagone kumudzi, mawa afune makaniko.

Che Abdulkarim anavomera nthawi yomweyo. A Edwin ndi amene anaseka. Anati akudziwa machenjera a anthu a kunyanja, kuti boti likangokhudza mchenga kucha lilibe batire, lilibe waya. Mayi Gladys anawagwira mkono kuti atonthole, iwo n'kuukutumula.

"Nyanja iyi ndi ya boma, si manda a kwanu," anatero a Edwin. "Munthu wanuyo nsomba zamudya kale."

Che Abdulkarim anakana kuponya nangula. Anati bola awachotse ntchito. A Edwin anawakankhira pambali, anapita kutsogolo kwa boti n'kudina okha batani. Unyolo unakhuthuka wonse, mamita 30, m'madzi akuya mamita 6.

Yusufu sanatukwane. Anayang'ana pamene chitsulocho chinalowera kwa nthawi yaitali, kenaka anayang'ana a Edwin.

"Mwamuponyera nokha. Mukakuwa usiku uno, ife sitimva kanthu."

Anatembenuza bwato. Atafika kumtunda, anthu anaimirira. Achinyamata ena anayamba kugenda miyala, koma inkathera m'madzi. Mdima utagwa onse anabalalika, kupatula mayi uja. Wina anamukolezera moto pambali pake.

Mwera unafika cha m'ma 8 koloko. Boti linkakwera funde n'kugwa ndi mimba, mbale zikugubuduka m'makabati. Mayi Gladys anasanza mpaka m'mimba munatha, n'kukagona m'chipinda atakumbatira ndowa. A Edwin anatsegula botolo la wisiki n'kumamwa okha, akunena kuti mawa akauza anzawo mmene anthu akumudzi amaopera mthunzi wawo womwe. Che Abdulkarim anakhala panja, pambali pa chiwongolero. Munthu ukagona pa nangula pamalo otere sutseka maso. Anasankha zizindikiro ziwiri kumtunda, moto wa Rukiya ndi getsi lofiira la nsanja ya foni kumbuyo kwake. Zikakhala mzere umodzi, ndiye kuti nangula wagwira. Akaguluka, mphepo iwaponyera pagombe. Chimenecho ndicho ankaopa, ndipo kwa maola atatu sichinachitike.

Itangokwana 11 koloko, agalu a kumudzi amene ankauwa chiyambire madzulo analeka onse nthawi imodzi. Kenaka nkhwazi inalira pamwamba pa boti. Che Abdulkarim akuti m'zaka zawo zonse sanamvepo nkhwazi ikulira usiku. Inalira kamodzi kokha.

Panabwera fungo. Silinali la dizilo, silinali la masanzi. Linali la matope a pansi pa nyanja, aja akuda amene amabwera ndi ukonde ukakhudza pansi, losakanikirana ndi fungo la chovala chimene chakhalitsa m'madzi. Mayi Gladys analimva ali m'chipinda, zitseko zili zotseka.

Ndiyeno unyolo unasintha kulira.

Unyolo wa nangula umalira motsatira mafunde. Funde likanyamula boti umakungika, likatsika umakhwefuka. Uwu unasiya kutsatira mafunde. Unkakoka, n'kupuma. Kukoka, n'kupuma. Monga mmene amuna amakokera khoka pamchenga, phazi limodzi kumbuyo, kenaka linalo.

Che Abdulkarim anayang'ana kumtunda. Moto ndi getsi lija zinali zikadali mzere umodzi. Koma moto unali utachepa. Anapukuta maso, anayang'ananso. Unkacheperachepera. Anayang'ana kagalasi kosonyeza kuya kwa madzi. Kankati mamita 9. Akuyang'ana chomwecho, kanati 11.

Nangula akaguluka, boti limapita kumene mphepo ikupita. Ili linkapita kumene mphepo ikuchokera. Linkalowa kwakuya, mphuno patsogolo, likuboola mafunde, injini ili zii.

Anatsikira m'kati n'kukagwedeza a Edwin. Anawauza motsitsa mawu kuti boti likuyenda. A Edwin anatuluka ndi tochi yaikulu akutukwana, akuti ndi anthu aja amangirira chingwe kuti akawabere kutali ndi mboni. Anaunika kutsogolo. Anaunika kumanja ndi kumanzere. Panalibe bwato, panalibe chingwe, panalibe mutu wa munthu. Unyolo wokha, wokungika ngati waya wa gitala, wolowa m'madzi chopendekera kutsogolo. Anakuwa mayina oipa mumdimamo, anatchula Yusufu, anatchula ndi malemu yemwe. Anaponya botolo pamene unyolo unalowera.

Kukoka kunaleka.

Kwa kanthawi kunalibe china koma mphepo. A Edwin anatembenuka kuti anene kanthu. Asanatsegule pakamwa, pansi pa boti panamveka kugunda. Sikunali kwa chikuni kapena mwala. Kunali kwa chikhatho. Kunayambira kutsogolo. Kunasunthira pakati. Kunkayenda pang'onopang'ono, ngati munthu akupapasa khoma mumdima kufuna chitseko.

Kunafika pansi pa bedi la mayi Gladys n'kuima.

Iwo akuti anamva thabwa likunjenjemera pamsana pawo. Kenaka zikhadabo. Zinkakanda mosafulumira, kuchokera kumutu kwa bedi mpaka kumiyendo. Anatuluka chokwawa. Anakagwira mwendo wa amuna awo.

"Edwin, pepesa," ananong'ona.

"Ndipepese kwa ndani?"

Unyolo unakokanso, ulendo uno mwamphamvu moti onse atatu anagwa. Panalibenso kupuma. Moto wa kumtunda unasanduka kadontho, kenaka unasowa. Kagalasi kanati 18. Kanati 25. Che Abdulkarim ankanena pemphero la dua, maso ali pa manambala. Atafika pa 30 anayembekeza kuti nangula alendewera, chifukwa unyolo wake unathera pomwepo. Kanati 34. Unyolo unali wokungikabe.

Kenaka unasiya kuloza kutsogolo. Unaloza pansi.

Mphuno ya boti inayamba kumira. Funde loyamba linakwera pamwamba n'kutsikira m'chipinda. Lachiwiri linazimitsa tochi. Kumbuyo kwa boti kunanyamuka, chiwongolero chikuzungulira chokha. Che Abdulkarim anati palibenso china, autaye unyolo wonse. Kumapeto kwake unamangidwa ndi chingwe m'kabokosi ka kutsogolo, ndipo kudula chingwecho n'kumasula buleki wa makina kukanawamasula. A Edwin anakana. Anati nangula ndi wawo, sasiyira munthu aliyense. Anakwawira kutsogolo n'kudina batani lokokera. Makina anabuula, ananunkha kupserera, magetsi onse a m'boti n'kuzima.

Mumdima umenewo a Edwin anagwira unyolo ndi manja, kunja kwa chitsulo chotchinga, n'kuyamba kukoka.

Unabwera.

Unabwera mopepuka, mkono ndi mkono, ngati wina pansipo akuwapatsira. Boti linawongoka. Che Abdulkarim anamva unyolo ukuunjikana pathabwa, anamva a Edwin akuseka chapansipansi. Anawauza kuti asiye. Sanasiye. Anawerama kwambiri kuti agwire kunsi.

Kuseka kunaduka.

"Abdulkarim." Mawu anali aang'ono, ngati a mwana. "Pali munthu."

Che Abdulkarim anawadumphira n'kuwagwira lamba. Akuti sanaone nkhope, sanaone dzanja, ndipo sanganame kuti anaona. Chimene anaona ndi mkono wa a Edwin utatambasuka kunja kwa boti, ukulowa m'madzi mpaka m'chigongono. Kenaka mpaka paphewa. A Edwin ndi munthu wathupi, che Abdulkarim nawonso si wofooka, koma onse awiri ankatsetsereka. Fungo lija linali paliponse, mpaka m'kamwa.

Che Abdulkarim anaitana mayi Gladys kuti atenge mpeni wa kukhitchini. Anawauza pamene pali kabokosi. Mayiwo anapapasa mumdima, madzi akuwamenya kumaso, mpaka anachipeza chingwe. Anacheka. Mpeni unali wobuntha. Anachekabe. Che Abdulkarim anaponda chogwirira cha buleki ndi chidendene, akunena Bismillah.

Chingwe chinaduka. A Edwin anagwera chagada m'boti.

Unyolo wolemera chotero ukamasuka pamadzi akuya umathawa kamodzi n'kamodzi, moti ukhoza kudula chala. Uwu sunathawe. Unkatuluka mfundo imodzi, kenaka ina, kenaka ina, modekha. Onse atatu anakhala pansi akumvetsera. Mfundo yomaliza inagunda pachitsulo, n'kulowa m'madzi popanda phokoso.

Kuyambira pamenepo boti linakhala ngati boti lililonse lopanda injini ndi nangula. Linatembenuka cham'mbali, mwera n'kuyamba kulikankhira kumtunda. Che Abdulkarim anakapa madzi ndi ndowa usiku wonse. Mayi Gladys anathandiza mpaka manja anatupa. A Edwin anadzipinda pakona atafumbata dzanja lawo lamanja, osalola munthu kuliona. Palibe anakuwa kuitana thandizo. Ankadziwa yankho lake.

Kuitana kwa swala ya m'bandakucha kukumveka, boti linakhudza mchenga n'kupendekeka. Kutayera pang'ono anaona kuti abwerera pagombe lomwe lija, mwina mayadi makumi asanu kuchokera pa phulusa la moto wa Rukiya. Mudzi wonse unali pamenepo. Palibe anawayang'ana. Anthu anazungulira chinthu china pamchenga, amayi akulira motsitsa.

Atatuwo anatsika m'boti n'kuyenda m'madzi ofika m'mawondo. Anthu anapatuka, osati mwaulemu, koma monga mmene umapatukira chinthu chonunkha.

Anwar anagona chagada pamchenga wouma, pamwamba pa pomwe mafunde a usikuwo anafika. Mapazi analoza kunyanja. Pambali pake panali nangula wa a Edwin. Unyolo wonse unali utakulungidwa bwinobwino, mzere pamwamba pa mzere, monga msodzi amakulungira chingwe chake akaweruka. Kumapeto kwake kunali kachidutswa ka chingwe kochekedwa moipa ndi mpeni wobuntha. Kuchokera m'madzi kufika pamenepo panali mkwasa umodzi wakuya pamchenga.

Rukiya anauza amayi anzake, che Abdulkarim akumva, kuti kwa masiku anayi sanagone, koma usiku umenewo tulo tinamugwira mwadzidzidzi moto ukuyakabe. Anadzidzimuka chifukwa cha kuzizira kumapazi. Atayang'ana, mwamuna wake anali pamenepo.

A Edwin anayamba kubwerera m'mbuyo. Yusufu anawagwira pakhosi pa malaya n'kuwakokera pafupi ndi mtembo, ndipo panalibe munthu anamuletsa, ngakhale mayi Gladys. Anawagwaditsa. Anatenga dzanja la mng'ono wake n'kulitambasula, kenaka linalo. Thupi lonse linali lotuwa ndi lotupa, monga limakhalira la munthu amene wakhala m'madzi masiku anayi. Koma zikhatho zinali zofiira ndi dzimbiri, zopakika girizi wakuda, khungu litasupuka kumene.

Kenaka Yusufu anatembenuza dzanja la a Edwin lija ankalibisa. Pamkono panali mizere inayi yakuda mbali imodzi, ndi umodzi mbali inayo.

"Tengani chitsulo chanu muzipita," anatero Yusufu.

A Edwin sanachitenge. Anayenda wapansi ndi akazi awo mpaka kumsewu, opanda nsapato, ana akuwatsatira chapatali. Che Abdulkarim anatsala. Anapempha kuti aswalire nawo maliro, ndipo atakambirana anawalola kuima kumbuyo kwenikweni. Palibe anawapatsa moni kapena madzi akumwa.

Ine ndinapitako patatha masiku atatu, nditatumidwa kuti ndikalidzutse botilo. Injini sinandivute. Dizilo anali ndi madzi, sefa inatsekeka, basi. Magetsi nawo anali fyuzi yopserera. Zimenezo ndikhoza kuzifotokozera aliyense. Chimene sindingafotokoze ndi chitsulo cha kumphuno kwa boti, chimene unyolo umadutsapo. N'chokhuthala ngati chala changa chachikulu, ndipo chinali chitapindikira pansi ngati supuni. Kuti ndichiwongole ndinachita kuchiotcha ndi gasi. Nangula ndinamupeza pomwe paja. Ndinayesa kumunyamula pamodzi ndi unyolo wake, ndinalephera ngakhale kumusuntha bwino. Amuna a pamudzipo anangondiyang'ana, ndipo ndinamusiya.

Ena ku Senga Bay amati anthu a pamudzipo ndi amene anachita zonsezi kuti amuphunzitse mwano munthu wa m'tauni. Ndinawafunsa kuti ndi msodzi uti angamire mamita 34 usiku wa mwera, n'kukoka boti lolemera ngati lole kulowa nalo kumphepo. Botilo a Edwin analigulitsa osalikweranso. Mayi Gladys anandiuza kuti dzanja lija madokotala sanalipeze ndi vuto, koma mpaka pano silifumbata, ndipo limakhala lozizira ngakhale mu Okutobala.

Tsiku lina che Abdulkarim anabwera kugalaja kwanga ndi kainjini ka mwana wa mlongo wawo. Tikudikira kuti kazizire, ndinawauza maganizo amene ndinakhala nawo nthawi yaitali. Ndinati mwina malemuyo sankafuna kupha munthu. Mwina anali atakodwa pansi paja masiku onsewo, ndipo unyolo utamufikira anangougwira kuti apeze njira yobwerera kwa mkazi wake.

Che Abdulkarim anapukuta manja ndi kansanza. Kenaka anapukusa mutu.

"Kwa mkazi wake kunali kumbuyo kwathu, Godwin, mayadi mazana awiri okha. Iye anayamba wapita nafe kwakuya."